Foni Imagontha Ikalowa m'Motoka: Vutoli Linayambira Kutali

Pa Ciweru cina m'mawa tinali anai m'motoka ya mnzathu, ulendo wokajambula mau a azimai a pa msika kuti tikawaulutse pa pulogalamu ya madzulo. Tili pa Great East Road, mnzathuyo anakumbukira kuti afunika kutumira foni amalume ake. Anadiniza batani la pa ciongolero n'kuuza foni m'Cizungu kuti itumire "Malume". Nyimbo zinaduka. Pa sikirini panaoneka monga pali munthu pa laini, koma nambala panalibe. Kenaka foni inayankha kuti sinamve. Anabwerezanso, zimodzimodzi. Kacitatu anacita kukuwa, ndipo ife kumbuyo tinali kufa nazo nseko. Pothera pake anagwira foni m'manja n'kuyamba kufunafuna dzina. Apo n'kuti minibasi imene inali kutsogolo yaima mwadzidzidzi kuti itenge munthu. Mabuleki analira. Tinaima patatsala malo okwana dzanja limodzi cabe, ndipo nseko zonse zinathera pomwepo.

Ambiri a ife zotere zikacitika timanena kuti foni ndi ya feki, kapena kuti Cizungu cathu ndi ca ku komboni. Koma tikaona m'mbiri, tipeza kuti m'motoka mumakumana zinthu zitatu zimene zinabadwa pa nthawi zosiyana, kumalo osiyana, pa zifukwa zosiyana: foni ya m'motoka, makina omva mau, ndi Bluetooth. Kusamvana kwa zitatuzi ndiko tinakuona tsiku lija.

Foni yoyamba inali kukhala m'buti

Mkangano wa zosokoneza dalaiva ndi wakale kupambana foni. Mu 1930 Paul Galvin ndi m'bale wake Joseph, a ku Chicago, anayamba kugulitsa wailesi ya m'motoka imene anaicha Motorola. Panali anthu amene anafuna kuti iletsedwe, ati nyimbo zidzacotsa maganizo a dalaiva pa mseu. Wailesi inapambana, ndipo ife amene tisewenza pa wailesi tiyamikira.

Foni inalowa m'motoka pa 17 June 1946 mumzinda wa St. Louis ku America, pansi pa kampani ya Bell. Zitsulo zake zinali kulema makilogalamu pafupifupi 36, ndipo zinali kudya malo aakulu m'buti. Munthu sanali kudiniza nambala yekha. Anali kukamba ndi opareta, amene anali kumulumikiza ndi amene afuna. Pokamba anali kudiniza batani, pomvera n'kulileka, monga mmene acitira apolisi pa mawailesi ao. Onani apa: mthandizi woyamba wa m'motoka anali munthu weniweni, wa makutu awiri, wotha kufunsa kuti "mwati ndani?" Zonse zimene zatsatira pambuyo pake ndi kuyesa kuika makina pa mpando wa opareta uja.

Pa 3 April 1973 Martin Cooper wa ku Motorola anaima pa mseu ku New York n'kutuma foni yoyamba ya m'manja. Inatenga zaka khumi kuti ifike pa msika, ndipo mtengo wake unali madola 3,995. Kucokera apo foni inaleka kukhala ciwalo ca motoka. Inakhala mlendo wolowa ndi kutuluka m'thumba la dalaiva. Motoka ipangidwa ndi kampani ina, foni ndi kampani ina, ndipo pafunika womasulira pakati pao.

Makina aphunzira kumva

Ku mbali ina, akatswiri anali kulimbana ndi nchito yophunzitsa makina kumva. Mu 1952 ku Bell Labs anapanga makina ochedwa Audrey. Anali kuzindikira manambala khumi cabe, kuyambira 0 mpaka 9, ndipo anali kumva bwino mau a munthu amene anawazolowera. Mu 1962 kampani ya IBM inaonetsa Shoebox pa cionetsero ca ku Seattle, makina omva mau 16 a Cizungu. M'ma 1970 boma la America linaika ndalama m'kafukufuku wa zaka zisanu, ndipo pa yunivesite ya Carnegie Mellon panatuluka Harpy, wodziwa mau 1,011. Mpaka mu 1997, pamene pulogalamu ya Dragon NaturallySpeaking inatuluka, munthu wamba wofuna kuti kompyuta ilembe zimene akamba anali kufunika kupumira pakati pa liu lililonse.

Makina onsewa anakulira m'zipinda za zii, maiki ali pafupi ndi pakamwa. Ife a pa wailesi tidziwa cifukwa cake situdiyo imamatidwa masiponji m'zipupa ndipo citseko cimatsekedwa nyali yofiira ikayaka. Motoka ndi mdani wa zonsezi. Muli injini, matayala pa mseu wa maenje, mphepo ya pa windo, fani, ndi anzathu amene saleka nkhani za bola. Pali cinanso. Mu 1911 dokotala wa ku France, Étienne Lombard, analemba kuti munthu akakhala m'congo amakweza mau mosadziwa. Pokweza, mau amasintha kamvekedwe: mavawelo amatalika, liu limakwera. Conco mnzathu uja pamene anakuwa kacitatu, anali kupatsa foni mau osiyana kwambiri ndi amene inaphunzira. Kukuwa kumaonjezera vuto.

Kampani ya Mercedes-Benz inayesa kugonjetsa congo ici mu 1996 ndi makina ochedwa Linguatronic m'motoka zake za S-Class. Anali kudziwa mau pafupifupi 30, okwanira kuchula nambala ndi kulamula kuti ituma. Mau ocepa, zolakwa zocepa. Makina a masiku ano afuna kumva ciliconse cimene tingakambe, ndipo m'congo zimenezo n'zovuta kuposa.

Mfumu ya ku Denmark ndi miseu iwiri

Mu 1994 kampani ya Ericsson ku Lund, m'dziko la Sweden, inayamba kufufuza njira yolumikizira foni ndi zomvera m'makutu popanda nthambo. Injiniya wa ku Netherlands, Jaap Haartsen, ndiye anatsogolera nchito yambiri. Mu 1998 makampani asanu, Ericsson, Nokia, IBM, Intel ndi Toshiba, anagwirizana kuti onse azitsatira malamulo amodzi. Dzina analipereka Jim Kardach wa ku Intel, kutengera Harald Bluetooth, mfumu imene inagwirizanitsa mafuko a ku Denmark zaka zoposa 1,000 zapitazo. Kacizindikiro ka buluu kamene tiona pa foni ndi zilembo ziwiri zakale za kumeneko, H ndi B, zophatikizidwa.

Dzina ndi la mgwirizano, koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Bluetooth si mseu umodzi. Pa nkhani yathu ino pali miseu iwiri. Woyamba ndi wa nyimbo, wochedwa A2DP. Ndi wotakata, mau ake ndi abwino, koma uyenda mbali imodzi cabe, kucoka ku foni kupita ku masipika. Waciwiri ndi wa kukambitsana, wochedwa HFP, kutanthauza Hands-Free Profile. Uyu uyenda mbali zonse ziwiri, ndipo ndiwo wokha umene utenga mau kucoka ku maiki ya motoka kupita ku foni. Koma ndi wopapatiza.

Kupapatiza kwake kunacokera ku lamya za nthambo za makedzana, zimene zinali kunyamula mau a pakati pa 300 ndi 3,400 Hz cabe. Aliyense amene anamverako pulogalamu yotumira mafoni adziwa kusiyana kwa mau a muulutsi ndi mau a wotuma. A muulutsi amveka odzaza. A wotuma amveka monga ali m'cigubu, ndipo "s" ndi "f" zimamveka zofanana. Munthu amalumikiza yekha zosowazo cifukwa adziwa nkhani. Makina amangosokonezeka. Mu 2011 m'pamene malamulo a HFP anakonzedwa kuti mseu ufutukuke kawiri, koma kuti zitheke pafunika kuti foni ndi motoka zonse zikhale ndi njira yatsopanoyo. Foni ya caka cino ikalowa m'motoka ya 2008, imabwerera ku mau a m'cigubu.

Manje tingamvetse zimene zinacitika pa Great East Road. Batani litadinizidwa, foni inatseka mseu wa nyimbo n'kutsegula wa kukambitsana. Ndiye cifukwa nyimbo zinaduka. Motoka yakale sidziwa kuti kuli cinthu cochedwa mthandizi wa m'foni, motero inaganiza kuti ni foni wamba, n'kuonetsa laini yopanda nambala. Kusintha miseu kumatenga kamphindi, ndipo amene wayamba kukamba msanga mau ake oyamba amatayika. Komanso voliyumu ya nyimbo ndi ya foni zili padera. Ndiye cifukwa nthawi zina mthandizi amayankha koma sitimumva, kapena amatigonthetsa m'kutu.

Ndipo citundu cimene motoka ndi foni zikambitsirana mobisa ndi cakale kwambiri. Ndi malamulo oyamba ndi zilembo AT, amene kampani ya Hayes inapangira modemu yake ya kompyuta mu 1981. Tikadiniza batani la pa ciongolero, motoka imatumiza ku foni lamulo lakuti AT+BVRA, kuiuza kuti iyambe kumvera. Foni ya nzeru za lero ilamulidwa m'citundu ca zaka zoposa 40, ndipo kampani iliyonse ili ndi kachulidwe kake.

Manja ali pa ciongolero, nanga mutu?

Cinakankha makampani kuti aike zonsezi m'motoka ndi lamulo. Mu 1997 Donald Redelmeier ndi Robert Tibshirani anafufuza madalaiva 699 a ku Toronto amene anacita ngozi, n'kuyerekeza nthawi ya ngozi ndi mabilu a mafoni ao. Anapeza kuti pamene munthu ali pa foni, mpata wocita ngozi umakwera pafupifupi kanai. Maiko anayamba kuletsa kugwira foni poyendetsa: Japan mu 1999, dera la New York mu 2001, Britain mu December 2003. Kuno kwathu nakonso lamulo la pa mseu liletsa zimenezi, ndipo a RTSA ndi apolisi amalipiritsa opezeka atagwira foni.

Koma m'kafukufuku wa ku Toronto uja munali mfundo ina imene ambiri anailumpha: amene anali kukamba osagwira foni sanaoneke otetezeka kuposa amene anaigwira. Malamulo analetsa dzanja, koma vuto lalikulu lili m'mutu. Mu 2015 David Strayer ndi anzake pa yunivesite ya Utah anapeza kuti munthu akamaliza kulamula makina ndi mau, maganizo ake angatenge masekondi ofika 27 kuti abwerere onse pa mseu. Pa liwiro la makilomita 40 pa ola, amenewo ndi mamita 300, mabwalo atatu a bola. Anapezanso kuti makina olakwitsalakwitsa ndiwo atopetsa mutu kwambiri. Cida cimene cinabwera kuti citichinjirize cimakhala coopsa pa nthawi imene sicimva.

Siri, Google ndi motoka za ku Japan

Siri anabadwira ku SRI International ku California, m'kafukufuku wolipiridwa ndi nthambi ya asilikali a America. Kampani ya Apple inamugula mu April 2010, n'kumuika mu iPhone 4S mu October 2011. Google Assistant anabwera mu 2016. Nzeru za othandizawa sizinali m'foni. Mau anali kutumizidwa pa intaneti ku makompyuta akuluakulu akutali, yankho n'kubwerera. Apa panaonjezeka mfundo ina yoti ingaduke: netiweki ndi mabandulo. Mafoni ena atsopano amatha kumva malamulo ocepa popanda intaneti, koma pa ulendo wa ku Chipata, m'mapiri a kufupi ndi ulalo wa Luangwa, tonse tidziwa mmene foni imakhalira.

Makampani anaona kuti Bluetooth yokha siikwanitsa. Mu March 2014 Apple inaonetsa CarPlay pa cionetsero ca mamotoka ku Geneva, ndipo mu June caka comweco Google inalengeza Android Auto. Apa foni ndiyo itenga ulamuliro wa sikirini ya motoka, kudzera pa nthambo ya USB kapena Wi-Fi, ndipo mseu wa mau ndi wabwinoko. Koma izi zithandiza amene ali ndi motoka yatsopano kapena wailesi yatsopano.

Ife motoka zathu zambiri ndi zogwirako kale nchito ku Japan, zobwera pa sitima mpaka ku Dar es Salaam kapena Durban, zina zitakwanitsa kale zaka khumi. Foni timasintha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, koma motoka imakhala nafe mpaka itatheratu. Wailesi ya m'motoka zimenezi inapangidwira dziko lina. Ku Japan FM inali kuyambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, pamene kuno iyambira pa 87.5 kufika pa 108. Ndiye cifukwa omvera ena amadandaula kuti siteshoni yathu siipezeka m'motoka zao mpaka ataika kacipangizo kosuntha manambala. Mamenyu ali m'Cijapanizi. Mau a mzimai amene atipatsa moni tikaliza injini nthawi zambiri acokera ku kabokosi kolipirira miseu ya ku Japan, kamene kadandaula kuti mulibe khadi. Ndipo m'motoka zambiri batani la pa ciongolero lili ndi nchito ziwiri: kudiniza pang'ono kumadzutsa makina a motoka, kugwiririra kumadzutsa a foni. Ambiri a ife takhala tikulamula m'Cizungu makina amene ayembekezera Cijapanizi.

Amene acotsa wailesi ya ku Japan n'kuika ya Android yogula m'tauni, kapena kacipangizo ka FM kolowetsa pa soketi ya laita, akumana ndi vuto lina. Maiki imakhala pa nkhope ya wailesi kapena pafupi ndi magiya, kutali ndi pakamwa, pafupi ndi fani. Mu situdiyo munthu akakhala patali conco ndi maiki timamukodola kuti asendere.

Anaphunzira mau a ndani?

Tinene kuti zonsezi zili bwino: motoka yatsopano, mawindo otseka, netiweki yodzaza. Patsala funso limodzi. Makina omva mau amaphunzira pomvera maola masauzande a mau a anthu pamodzi ndi zolembedwa zake. Amene mau ao sanalowemo, makina sawadziwa. Mu 2020 ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anayesa makina a makampani asanu, Amazon, Apple, Google, IBM ndi Microsoft. Pa mau 100 alionse a azungu a ku America, makina anali kulakwitsa 19. Pa mau 100 a anthu akuda a ku America komweko, anali kulakwitsa 35. Awa ndi anthu amene Cizungu ndi citundu cao cobadwa naco. Nanga ife amene m'ciganizo cimodzi muli Cinyanja, Cizungu ndi Cibemba? Nanga maina monga Kalingalinga, Mtendere, Chawama? M'mafoni athu anthu tinawasunga kuti "Amai", "Malume", "Ba Landilodi", "Mlamu 2". Foni imayesa kuwerenga maina awa ndi lilime la ku California.

Zinthu zayamba kusuntha, ngakhale mocedwa. Google Translate inalandira Chichewa colembedwa mu December 2014. Patapita zaka pafupifupi khumi, mu October 2024, Google inalengeza kuti Chichewa cili pa zitundu 15 za mu Africa zimene zaonjezedwa pa kufufuza ndi kulemba ndi mau. Koma kulemba zimene wakamba ndi nchito ina, kumva lamulo n'kulicita ndi nchito inanso, ndipo Cinyanja ca mu Lusaka sicifanana ndi ca pa wailesi ya ku Lilongwe. Kuno kwathu, ofufuza a pa University of Zambia anatulutsa mu 2023 nkhokwe ya mau yochedwa Zambezi Voice, ya Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi. Muli maola oposa 80 a mau owerengedwa pamodzi ndi zolembedwa zake, komanso mau ojambulidwa kucokera ku nkhani ndi mapulogalamu a pa wailesi.

Mbali yothera iyi itikhudza ife mwacindunji. M'makompyuta a masiteshoni ang'onoang'ono muli mau a azimai a pa msika, madalaiva a minibasi, acinyamata a m'makomboni, ndendende mmene anthu akambira. Nthawi zambiri timawafafaniza hadi diraivi ikadzala. Ngati makina adzamva Cinyanja ca mu Lusaka tsiku lina, adzaphunzira ku mau otere. Cofunika n'cakuti eni ake mau afunsidwe coyamba, ndipo adziwe kumene mau ao apita.

Pakali pano

Mbiri iyi itipatsa zocita zocepa koma zothandiza. Tikadiniza batani, tiyembekeze kulira kwa kabelu tisanayambe kukamba. Tiyese kugwiririra batani m'malo mongodiniza. Voliyumu ya mthandizi tiikweze pa nthawi imene iye akamba, cifukwa ndi pamene motoka ili pa mseu wa kukambitsana. Titseke windo, ticepetse fani, tikambe ndi mau a masiku onse. Ngati tagula wailesi yatsopano, tiuze woika kuti alumikize maiki yapadera pamwamba, pafupi ndi mutu wa dalaiva. Maina amene timatumira kawirikawiri tiwayese motoka ili ciimire pa nyumba, kuti tidziwe amene foni imamva.

Ndipo foni ikakana kawiri, tisalimbane nayo. Opareta wa mu 1946 anali kutha kudikira, ndipo amalume naonso angadikire. Mnzathu uja anawatumira titafika pa msika, injini itazima. Nkhani yonse inatenga masekondi 40.